Pansi pa Dzina la Mayi Batani

Bambo anga ankalemba zikwangwani. Ndikatero, ana a masiku ano amaganiza za makina aja otulutsa chinsalu cha pulasitiki chokhala ndi nkhope ya munthu akumwetulira, ndiye ndimachita kufotokoza kuti ayi, ankalemba ndi dzanja, ndi bulashi, ali pamwamba pa makwerero. M'dera lathu, kuseri kwa siteshoni ya sitima, kunalibe sitolo, bala, tchalitchi ngakhale chimbudzi cholipiritsa chimene chinalibe zilembo zawo. Dzina lawo lenileni linkamveka kuchipatala kokha. Kwina konse anali a Choko, chifukwa cha choko chimene chinkakhala kuseri kwa khutu lawo lamanja kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Amayi ankati tsiku lina chidzamera mizu pamenepo.

Dera lathu linabadwa ndi njanji. Oyamba kukhalamo anali onyamula katundu pasiteshoni, okonza njanji ndi othira malasha m'sitima, ndipo nyumba zawo za njerwa zofiira zinafola m'mizere ngati ana asukulu. Kenako kunabwera msika, thanki yaitali yamadzi imene inkaoneka uli kumapeto kwa mzinda, mlatho wachitsulo wowolokera njanji, ndi nyumba ya kanema. Misewu inali ndi mayina ake m'mabuku a khonsolo, koma ife sitinkawadziwa. Mlendo akafunsa njira tinkati, mukafika pa Nsapato Yaikulu mukhote kumanzere, mupitirire pa Kanema, mukaona pa Buledi ndiye mwafika. Kanemayo anatsekedwa ine ndisanamere mano, nyumbayo n'kukhala tchalitchi, kenako mosungira matiresi, koma anthu ankatsikabe minibasi pa Kanema. Mayina onsewa anachoka m'bulashi ya Bambo, ndipo chinsapato chija anachijambula okha pakhoma la wosoka nsapato amene anamwalira kalekale.

Anafika m'derali ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, n'kugwera m'manja mwa mmisiri wina wokalamba amene ankalemba zikwangwani kuyambira nthawi ya sitima za malasha. Kwa iye anaphunzira kupaka choko pachingwe n'kuchimenyetsa pakhoma kuti mzere uwongoke, kusakaniza penti, ndi kutsamiza dzanja pakandodo kokulunga nsanza kunsonga. Patatha zaka ziwiri mmisiriyo anamwalira. Mwezi womwewo Bambo anapeza ntchito yawo yoyamba paokha: wokonza njinga wina anali atalowa m'sitolo ya pakona ndipo ankafuna dzina lake pakhoma. Pakhomapo panali kale zilembo za mmisiri uja. Bambo anakwera ndi chopalira m'manja, n'kutsika nacho osachigwiritsa. Anapita kukagula vanishi, anapaka zilembo zonse zakalezo, anadikira kuti ziume, kenako anakutira ndi penti yoyera n'kulembapo za njinga.

Kuyambira pamenepo imeneyo inakhala njira yawo. Chikwangwani chilichonse chakale ankayamba achipaka vanishi asanalembepo chatsopano, ndipo ntchito ya tsiku limodzi inkatenga masiku awiri. Eni masitolo ankadandaula mpaka kutopa. Wina ankati akufuna kutsegula mawa, wina ankati dzina la amene analipo kalelo n'latsoka, lichotsedwe. Bambo ankangomva, n'kuyankha mawu amodzimodzi amene ine ndinakula nawo ngati nyimbo.

"Dzina la munthu sitipala. Timangolifunditsa."

A Ometa, mnzawo wa pamtima amene anali ndi kachipinda kometera pansi pa masitepe athu, ankawaseka pamaso pa anthu kuti a Choko amaveka khoma kabudula wamkati. Bambo ankabweza kuti munthu amene amakhalira kudula zimene Mulungu anameretsa sangamvetse za kusunga. Anakhala akutukwanizana chonchi zaka makumi anayi, ndipo palibe tsiku limene mmodzi anamwa tiyi osasiyira mnzake.

Ife tinkakhala pamwamba pa sitolo ya pakonayo, m'nyumba yosanja imene munali mabanja khumi ndi anayi, mpopi umodzi ndi mikangano yosawerengeka. Amayi anali telala. Zaka zambiri ankasokera pakhonde, makina awo ali pafupi ndi ngalande, ndipo anali ndi khalidwe limene linkandichititsa manyazi ndili mtsikana: akaona munthu akudutsa batani likulendewera, ankamuimitsa, kusolola singano pakolala yawo, n'kumusoka ali chiimire. Ankasoka apolisi, abusa, oledzera, ngakhale mnyamata amene ine ndinkamufuna. Anthu anawapatsa dzina loti Mayi Batani, ndipo iwo analilandira ndi manja awiri.

Sitolo ya pakona itakhala yopanda munthu, amayi analowamo. Chikwangwani chawo Bambo anachilemba masiku asanu ndi anayi. Amayi ankatuluka m'mawa uliwonse, manja ali m'chiuno, kufunsa ngati akulemba chikwangwani kapena Baibulo. Koma chitatha anthu ankaima pamsewu kuchiyang'ana. Khoma linali labuluu, zilembo zachikasu zokhala ndi mthunzi wofiirira, KWA MAYI BATANI, ndipo kumanzere kunali singano yaitali, ulusi wake ukuyenda pansi pa dzina lonse. Amayi anangoti B wachita mimba ngati ali ndi pakati, n'kulowa m'sitolo mwachangu kuti tisaone nkhope yawo. Ine ndinaiona, ndipo inali ya munthu wokondwa.

Amayi anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. M'sitolomo munalowa wokonza mafoni, munthu waulemu amene anamva pempho la Bambo: chinsalu chake cha pulasitiki anachipachika pawindo, khoma osalikhudza. Chaka chilichonse mvula ikatha Bambo ankakwera kukatsitsimutsa zilembozo. Kenako manja anayamba kunjenjemera. Poyamba ankabisa, kuika dzanja m'thumba, kunena kuti n'kuzizira. Adokotala anatchula dzina la matendawo n'kupereka mapiritsi, koma bulashi sinabwererenso m'manja mwawo. Tiyi ndinkawathirira theka la kapu kuti asadzitayire. Mabulashi anawatsuka onse, anawamanga ndi mphira n'kuwaika pamwamba pa kabati. Choko chokha ndi chimene chinatsala kukhutu. Choncho chikwangwani cha amayi chinali chomaliza chimene akanatha kuchiyang'ana n'kunena kuti dzanja langa ndi ili, ndipo tonse tinkadziwa kuti sangachilembenso.

Za kukonzanso dera zinayamba ndi anthu ovala zikhoto zachikasu, oyeza misewu ndi kamakina kokhala pamiyendo itatu. Kenako kunabwera zikwangwani zikuluzikulu zosonyeza mitengo, nyumba zagalasi ndi anthu oyenda ndi tiagalu pachingwe, ndipo pa anthu onsewo panalibe wofanana ndi ife. Bambo anaima patsogolo pa chimodzi nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti akulira mumtima, koma anangoti zilembo zapanikizana, wolembayo sadziwa kupatsa mawu mpweya. Sindinganame kuti dera lathu linali paradaiso. Ngalande zinkanunkha, madenga ankadontha, ndipo ena anasamuka akuimba. Koma kumene ankatipititsako kunali kokwera minibasi ziwiri, kutali ndi msika, kutali ndi makasitomala, kutali ndi chipatala cha Bambo. Pa Buledi panagwa mwezi woyamba. Pa Kanema panatenga sabata imodzi. Nsapato Yaikulu ndinaiona ndi maso angawa itagona m'zibuma za njerwa, chidendene kumwamba.

Nyumba yathu inali pamndandanda wachitatu. Tsiku lina kunabwera mayi wa kukhonsolo, wa ofesi yoona za nyumba zakale, wamng'ono msinkhu kuposa ine, atanyamula chikwama chodzaza mapepala. Tinasonkhana pabwalo la kuseri, pakati pa zingwe zoyanikira zovala. Ine ndinali nditanola kale lilime, chifukwa mtima wanga ndi wapachala ndipo anthu a mapepala sindimawakhulupirira. Koma mayiyo sanabwere kudzatiwerengera masiku. Anati nyumba imene yapitirira zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo ili ndi mbiri yake, lamulo sililola kuigwetsa. Iye ankakhulupirira kuti yathuyi inali sitolo yoyamba ya antchito a njanji, imene anaitsegula okha atasonkherana, koma mafayilo a nthawi imeneyo ananyowa madzi atasefukira m'chipinda chapansi kukhonsolo. Ankafuna umboni wogwirika, wokhala ndi chaka, pasanathe masabata atatu.

Nyumba yonse inatembenuza masutikesi. Kunatuluka zithunzi za ukwati, makadi a sikelo, makalata a ubatizo, ngakhale chiphaso cha njinga. Chakale kwambiri chinali cha zaka makumi asanu. Nthawi yonseyi Bambo anali chete. Pamsonkhano paja anakhala pampando wawo, manja atawapanikiza pakati pa mawondo, ndipo ine ndinkayesa kuti ndi ukalamba.

Amene ananditsina khutu ndi a Ometa. Anandiimitsa pamasitepe ndikuchokera kuntchito, lumo lili m'manja, n'kundiuza motsitsa mawu kuti tsiku limene Bambo ankakutira zilembo za mmisiri uja, iwo ndi amene anagwira makwerero. Kuwerenga sankadziwa bwino nthawi imeneyo, koma manambala anayi anawaona. Anati akhala akudikira kuti mnzawo alankhule yekha, koma masiku akutha.

Ndinakwera masitepe awiriawiri. Ndinawapeza Bambo pawindo ndipo sindinawapatse n'komwe moni. Ndinawauza kuti mabanja khumi ndi anayi akukulunga mbale m'manyuzipepala pamene iwo akhalira umboni ngati nkhuku yofungatira. Ndinawauza kuti lamulo lawo la vanishi si lamulo la Mose. Ndinalankhula zambiri, zina zoti mwana sauza kholo lake, ndipo iwo anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Watha, mayi?"

"Ndatha."

"Chakacho chilipo. Ndinachifunditsa ndekha. Chili pakati pa khoma, chapansi pang'ono." Anakweza dzanja lonjenjemera kuloza pansi pa windo. "Pansi pa BATANI."

Ndinali nditaiwala kuti khoma limene ndinkafuna kuti apale ndi la amayi. Kuti afike pa zilembo za mmisiri, choyamba kuchoka chinali dzina la mkazi wawo, ndipo pamwamba pa limenelo panalibe vanishi woliteteza, chifukwa palibe amene analifunditsa. Ndinayesa kunena kuti tikhoza kulijambula pafoni. Anandiyang'ana ngati ndanena kuti tikhoza kudya chithunzi cha buledi. Ndinapita kukateleka madzi a tiyi, manyazi atandigwira mpaka m'makutu.

Sabata yachiwiri inatha chonchi. Ine sindinauze aliyense, a Ometa nawonso anatseka pakamwa, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire. Mayi wa chipinda choyandikana nafe, wamasiye wogulitsa tomato, anayamba kugawa miphika ya maluwa chifukwa kumene tinkapitako kunalibe khonde. Anabweretsa umodzi kwa Bambo, n'kuwauza kuti amayi ndiwo anamupatsa mbewu yake. Bambo analandira, anathokoza, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Lamlungu masana anandipempha chitini cha mabatani cha amayi, chija cha mabisiketi chimene chinkakhala pansi pa bedi. Anati batani la jekete lawo lagwedera. Ndinakhuthulira mabataniwo patebulo, ndipo pakati pake panagwa kanthu kamene ndinali nditakaiwala: theka la lezala, lokulungidwa kansalu mbali imodzi, limene amayi ankamasulira misoko. Bambo anakatola n'kukatembenuza m'manja. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba m'masabata awiri. Anandikumbutsa za diresi la ukwati limene mkazi wina anabweretsa kuti lichepetsedwe likwane mwana wake. Linali diresi limene amayi analisoka okha zaka zambiri m'mbuyomo, ntchito imene ankainyadira kuposa zonse, ndipo analimasula msoko ndi msoko akuimba nyimbo. Bambo atawafunsa ngati sizikuwapweteka, amayi anati kusoka aliyense amasoka, telala amaoneka pomasula.

"Akanakhala kuti alipo, bwenzi atakwera okha," anatero Bambo. "Bwenzi akunditukwana kuti ndikusunga penti anthu akusowa pogona."

Lolemba m'mawa anthu a m'nyumba mwathu anadzuka n'kupeza a Choko ali pamsewu, atavala ovolosi yawo yakale youma ndi penti, akuyang'ana khoma. Makwerero sakanatha kukwera, choncho amuna anagubuduza migolo inayi n'kuyala matabwa pamwamba, wokonza mafoni anatseka sitolo yake, ndipo ine ndinatumiza uthenga kuntchito kuti kwathu kwagwa zina. Wachinyamata wina anabwera ndi makina opalira amagetsi kuti athandize. Bambo anamuthokoza n'kumuuza kuti akawabweze kumene anawatenga, pakhoma apa sakhudzapo munthu wina. Zida zawo zinali madzi otentha, nsanza, kampeni kopyapyala, kandodo kaja ndi lezala ya amayi.

Anayambira pa I womaliza, kubwerera chakumanzere. Ine ndinaima pambali pawo pathabwa, chitini cha mabisiketi chili m'manja, kulandira zimene zinkagwa. Penti sichoka ngati pepala. Inkagwa tizidutswa tachikasu ndi tabuluu, tina ngati chikhadabo, tina ngati mchere. Chinandidabwitsa n'chakuti lezala ikangokhudza khoma, dzanja linkachepa kunjenjemera, ngati lakumbukira kwawo. Pamsewu panali anthu ambiri akuonerera. Atafika pa B anaima pang'ono, anamusisita pamimba paja ndi chala, n'kupitiriza. Pofika madzulo dzina la amayi linali m'chitini. Kumanzere kwenikweni anasiyako kachigawo kabuluu kokhala ndi singano, chifukwa kumeneko zilembo za mmisiri sizinkafika.

Ndinalira tsiku limenelo, sindibisa. Iwo sanalire. Anatsika, anasamba m'manja, anafunsa ngati kuli tiyi.

Lachiwiri maliro anasanduka phwando. Pansi pa buluu panatuluka khoma lobiriwira la bala, botolo lili pakati, ndipo vanishi uja anachititsa kuti penti ya pamwamba isiyane ndi ya pansi bwinobwino. Amuna achikulire anayamba kuloza. A Ometa anatsegula pakamwa kuonetsa anthu pamene panali dzino limene analisiya m'balamo, ndipo mayi wina anati m'menemo ndi mmene munathera malipiro a malemu mwamuna wake, Mulungu awakhululukire onse awiri. Bambo anasiyanso kachigawo kobiriwira pafupi ndi kabuluu kaja, n'kupitiriza kupala. Pansi pa bala panali situdiyo ya zithunzi, zilembo zofiira, kumene dera lonse linajambulitsa litagwira telefoni yopanda waya. Anthu anathamangira m'nyumba kukatenga zithunzizo, ndipo zinapezeka kuti mabanja asanu ndi awiri anajambulitsa atavala jekete limodzimodzi la mwini situdiyo. Ana amene anabadwa dzulodzuloli ankamva koyamba kuti makolo awo analinso ndi tsitsi.

Nkhani inamveka mpaka kwa amene anasamuka kale. Lachitatu kunabwera anthu a pa Buledi ndi a pa Kanema, atakwera minibasi ziwiri, kudzaona khoma. Tsiku limenelo panatuluka za wokonza njinga, ntchito yoyamba ya Bambo. Zilembo zake zinali zopendekeka ngati zikuthawa galu, ndipo njinga imene anajambula inali ndi gudumu lina lalikulu kuposa linzake. A Ometa sakanalola mwayi umenewu kudutsa. Anafunsa mokweza kuti kodi mwana amene analemba izi anamaliza sukulu. Msewu wonse unafa nacho chiseko, Bambo nawonso anaseka mpaka kugwira mgolo, ndipo anati ichi chokha akanachipala kalekale popanda chisoni. Komabe anachisiyira kachigawo kake ngati zinzake.

Lachinayi kunatsala penti yoyera ija ndi vanishi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Tsiku lomaliza la mayi wa kukhonsolo linali mawa lake. Bambo anali atatopa, mapewa akuwawa, ndipo dzanja linayambanso zake. Zilembo za mmisiri zinatuluka chimodzichimodzi, zakuda, zowongoka, zokhala ndi mzere wagolide m'mphepete: SITOLO YA ANTCHITO A NJANJI. Pansi pake panaoneka nambala yoyamba, kenako yachiwiri. Yachitatu ndi imene inali ndi nkhani yonse, chifukwa ndiyo ikananena ngati zaka zikukwana kapena ayi, ndipo pamenepo pulasitala anali wofewa, chinyontho chitamudya. Lezala ikanangolowa pang'ono, nambalayo ikanagwa pamodzi ndi dothi lake. Bambo anayandikitsa dzanja kawiri, kawiri konse n'kulibweza. Kandodo kankagogoda khoma kokha chifukwa cha kunjenjemera.

"Ika chitinicho pansi, mayi. Gwira apa." Anandipatsa mkono wawo. "Usandiwongolere. Ungondigwira."

Ndinagwira. Mkonowo unali wopepuka kuposa mmene ndinkaukumbukirira, ndipo kunjenjemera kwake ndinkakumva mpaka m'chigongono changa. Koma zala zinkadziwa kopita. Anapendeketsa lezala, anailowetsa pakati pa penti ndi vanishi, n'kumakankha pang'onopang'ono, akupuma ndi pakamwa. Nambala imodziyo inatitengera pafupifupi ola. Itatuluka yathunthu, yachinayi sinavute. Wokonza mafoni anawerengetsa pafoni yake n'kunena kuti zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu. Mayi wa tomato anakhala pansi pamsewu pomwepo n'kuphimba nkhope ndi nsalu yake.

Mayi wa kukhonsolo anafika dzuwa litapendeka. Anajambula khomalo mbali zonse, anakwera pamigolo ndi nsapato zake za muofesi, anayandikitsa maso pa manambala. Kenako anayang'ana zigawo zija zimene Bambo anasiya kumanzere, buluu, chobiriwira, chofiira, choyera, zitatsatana ngati masitepe, ndipo anafunsa kuti zatheka bwanji kuti penti ya zaka zonsezi isiyane chonchi osawononga ya pansi. Anati akatswiri amene ofesi yawo imaitana amatha miyezi pa ntchito yotere. Bambo anali atakhala pampando, atatopa kwambiri. Anayankha ndi a Ometa. Munthu amene anaseka vanishi zaka makumi anayi anaima pakati pa msewu, chifuwa patsogolo, kufotokoza njira yonse ngati anaiyambitsa ndi iye, n'kumaliza ndi mawu akuti kuno dzina la munthu sitipala, timangolifunditsa. Mayiyo analemba mawuwo m'buku lake.

Ndanyadirapo zinthu zingapo pamoyo wanga, koma sindinanyadirepo ngati tsiku limenelo. Ndili mwana ndinkabisa kuti bambo anga ndi aja oyenda ndi penti m'zikhadabo. Tsiku limenelo ndinkafuna aliyense wodutsa adziwe kuti ndine mwana wa a Choko.

Nyumba yathu sinagwe. Anaikonza denga, anaika mipopi inayi, ndipo khoma lija analitchinga ndi galasi kuti mvula isalifike. Mabanja khumi ndi anayi alipobe, mikangano nayonso ilipobe. Nyumba zina zonse zinapita. Pamene panali msika pali nyumba yagalasi ya nsanjika khumi, thanki yamadzi anaisiya koma anaipaka utoto wa siliva, ndipo mlatho wachitsulo tsopano uli ndi magetsi. Misewu ili ndi mayina atsopano pazitsulo zobiriwira. Pakhomo pathu anakhomapo kachitsulo konena za antchito a njanji, ndipo pansi pake, m'zilembo zing'onozing'ono, pali dzina lenileni la Bambo, limene anthu ambiri a m'nyumba mwathu analiwerenga koyamba pamenepo. Iwo anangoti zilembozo zapanikizana.

Chitini cha mabisiketi chili pamwamba pa kabati, pafupi ndi mabulashi. Za dzina la amayi sitinkakamba. Bambo ankatuluka m'mawa uliwonse kukakhala pabenchi yatsopano ya pakona, kuyang'ana singano ija yotsala yokha pa kachigawo kabuluu, ndipo ine ndinkaona kuti pali chimene chikuwadya ngakhale sankanena.

Mwezi wathawu ndinkawaperekeza kuchipatala. Tikudikira minibasi pakonapo, panafika mayi wina wachitsikana wochokera m'nyumba zagalasi zija, mwana ali m'kangolo kokankhira ana, foni ili kukhutu. Ankalongosolera woyendetsa takisi pamene ali. Anatchula dzina la msewu limene lili pachitsulo chobiriwira, koma zinaoneka kuti winayo sakulidziwa. Anatchulanso kachiwiri, kenako anatopa.

"Mundipeza pa Mayi Batani," anatero, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Bambo anatembenuka pang'onopang'ono. Anadikira kuti atsitse foni, n'kumupatsa moni mwaulemu.

"Pepani mayi, kodi Mayi Batani amenewa mumawadziwa?"

"Ayi, bambo. Ndangobwera chaka chino. Ndi mmene aliyense amatchulira malo ano."

"Anali akazi anga," anatero Bambo.

Mayiyo anayamba kupepesa, osadziwa kuti akupepesa chiyani, koma Bambo anagwedeza mutu akumwetulira. Kenako anayang'ana kajuzi ka mwana uja m'kangolo, anawerama, n'kuloza ndi chala chawo chonjenjemera batani limene linkalendewera pa ulusi umodzi. Anandiyang'ana. Ine ndinatsegula chikwama changa kufunafuna singano.